Galimoto Imene Inagwadira Che Saidi

Mbiri ya galimoto zamakono ikadzalembedwa mwachilungamo, dzina langa lidzakhala pa tsamba loyamba, pamwamba pa mainjiniya a ku Ulaya ndi ku Japani. Iwo anapanga galimoto yomva batani, yomva mawu, yomva ngakhale phazi likagwedezedwa pansi pa bampala. Ine ndinawapitirira: ndinayendetsa galimoto yomvera munthu wakufa. Mpaka lero mainjiniyawo sanabwere kudzandithokoza, ndipo ndikuwamvetsa, chifukwa galimotoyo sinali yanga, ndipo buku lake sindinaliwerenge. Koma ana anga, munandipempha kuti ndilembe za ntchito yanga mutu usanayambe kudontha, ndiye mverani.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ku Honde

Ku koleji ya aphunzitsi ku Mutare ndinakhalako materemu awiri. Ndinachokako mwaulemu, mkulu wa koleji atandipempha mwaulemu kuti nditero, popeza tinasiyana maganizo pa nkhani ya masamu: iye ankafuna mayankho enaake, ine ndinkapereka ena. Agogo anu, amene anayenda wapansi kuchokera ku Mulanje kudzathyola tiyi ku Honde, sanandikalipire. Anangondiyang'ana, n'kunditengera ku galaja ya esiteti. Tsiku lomwelo m'komboni monse ndinali Pulofesa, ndipo dzinalo ndifa nalo.

Ndinayamba ndi kutsuka galimoto ya manejala, kenako ndinapeza laisensi n'kuyamba kuiyendetsa. Inali ya kutchire, yachitsulo paliponse, mipando yake ngati mabenchi a m'tchalitchi chosauka. Mkati tinkatsuka ndi paipi. Inkanyamula feteleza m'mawa, mkazi wa manejala masana, mbuzi madzulo, osadandaula. Vuto lake linali limodzi: pokwera mapiri a ku Mandeya inkakonda kuzima kuti iganize. Wondikankha nthawi zambiri anali Che Saidi, mnzanga wa mzere umodzi wa nyumba m'komboni, Myao, Msilamu, wothyola tiyi wamanja othamanga kuposa pakamwa panga. Akakankha mpaka thukuta kamukamu ankati, "Pulofesa, usaitukwane. Galimoto ikaima ili ndi chifukwa chake." Ine ndinkamuyankha kuti chifukwa chake ndi mapulagi.

Zaka za mizere ya mafuta, ku Chipinge

Tonse awiri anatisamutsira ku esiteti ya ku Chipinge, pa msewu wopita ku Mount Selinda, iye ngati kapitawo wa m'munda, ine ngati dalaivala wa abwana. Mabwana ndinanyamula ambiri. Wina ankagona ndisanalowetse giya, wina ankandiphunzitsa kuyendetsa ali kumbuyo, wina ankapemphera mokweza pa kona iliyonse. Galimoto zinasinthanso: zinabwera za zitseko zinayi ndi bodi kumbuyo, zokhala ndi wailesi ndi mphepo yozizira. Koma zaka zija mafuta anasowa, moti ntchito yanga yeniyeni inali kuima pa mzere m'tauni ndi kudziwa mayina a ana a wothira mafuta aliyense.

M'komboni mukagwa maliro, ine ndinkatenga lole ya esiteti kukanyamula thupi ku chipatala. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira mwambo wa anzathu Achindau, umene ife a chiNyanja tinautengera pokwatirana nawo. Ukanyamula maliro suwoloka mtsinje uli chete. Umaima pa mlatho, wachibale n'kumuuza malemuyo kuti tsopano tikuwoloka, tiyeni, musatsale. Ndipo galimoto ikazima yokha panjira, ndiye kuti malemuyo wakana ulendo, ali ndi mawu, ndipo simuyenda mpaka wina atamva chimene akufuna. Ine monga munthu wa ku koleji ndinkadziwa kuti malemu ambiri okana ulendo ankakana chifukwa cha dizilo wosakaniza ndi palafini, koma sindinkanena pamaliro.

Chaka chomaliza ndisanapume

Kutatsala miyezi yochepa kuti ndipume, kunabwera bwana watsopano, Bwana Nyamande, wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri, wonunkhira bwino, wolankhula ndi mafoni awiri nthawi imodzi. Anagula galimoto ndipo anandituma ku Harare kukaitenga. Ana anga, nditalowa m'nyumba ya magalasi ija ndinavula chipewa, poganiza kuti ndalowa m'banki. Chinthucho chinali chakuda, chachitali kundiposa, chachikulu ngati khitchini yathu ya ku komboni.

Wogulitsa, wa tayi yofiira, anandilalikira mbiri yake. Anati opanga galimoto anaona kuti anthu olemera akugula galimoto za kutchire kuti azipitira ku tchalitchi ndi ku golosale, kenako n'kumadandaula misana. Ndiye anati tiyeni tiwapangire yooneka ngati ya kutchire koma yamtima wa galimoto ya m'tauni. Anachotsa chasisi chija chachitsulo, thupi lonse n'kukhala chigoba chimodzi ngati dzira, analikweza m'mwamba, n'kuika mkati zonse zimene munthu amasowa akakhuta. Anati iyi tsopano ndi m'badwo wachitatu, yoyamba inali yaifupi, anthu anapempha mipando isanu ndi iwiri, anawapatsa.

Ndinapempha kiyi. Anandipatsa kanthu ngati bokosi la machesi, n'kuti ndiike m'thumba. Ndinafunsa pobaya. Anati palibe, dinani batani. Ndinafunsa koyezera oyilo. Anati kulibe, galimoto idzakuuzani yokha. Ndinafunsa tayala la sipeya. Anandionetsa kabotolo ka guluu ndi kapampu.

"Mwana wanga," ndinatero, "msewu wa kwathu unauona?"

"Mudhara, galimoto iyi imauona msewu musanauone inu," anatero, akunditcha mdala m'chilankhulo cha kuno.

Sankanama. Pa galasi la kutsogolo, lalikulu ngati wailesi ya kanema, galimoto inkadzionetsa yokha kuchokera kumwamba, mmene Mulungu amationera. M'malo mwa masipuling'i inali ndi matumba a mpweya, yokwera yokha pa miyala, yotsika yokha. Denga linali la galasi. Pakati pa mipando panali kafiriji. Nditakhala pansi, mpando unayamba kutentha ndi kundisisita msana, ndipo ndinadumpha n'kutuluka, chifukwa pa msinkhu wanga munthu ukamva kutentha pansi pako sufunsa kawiri. Wogulitsayo ananenanso zina zambiri m'Chingerezi chothamanga, ine n'kumagwedeza mutu monga Pulofesa. Zina mwa zimene ndinagwedezera mutuzo ndi zimene zinadzandigwira.

Bwana Nyamande anandipatsa lamulo limodzi pamaso pa madalaivala onse. "Mudhara, mota iyi si basi. Nthochi ayi, nkhuku ayi, munthu wa ku komboni ayi. Mukakweza mmodzi, ntchito yatha tsiku lomwelo, nyumba mutuluke, za penshoni mukakambirane ndi Mulungu." Ndinayankha kuti zamveka, shefu. Amayi anu anali atayamba kale kuwerengera malata a nyumba yathu ino pa penshoniyo.

Lachisanu lina m'nyengo ya mvula

Galimoto itatiuza yokha kuti ikufuna sevisi, inatumizidwa ku Mutare, ndipo ndinakaitenga ndekha. Kumeneko anaisintha zina mu kompyuta yake, anatero makaniko, kuti izisunga mafuta. Ndinagwedeza mutu.

Ndikulowa m'tauni ya Chipinge masana, ndinaona anthu awiri ataima pa geti la chipatala, mvula ikuwanyowetsa. Anali Mayi a Fatuma, mkazi wa Che Saidi, Mndau wa ku Mount Selinda, ndi mchimwene wawo Sekuru Mhlanga. Ndinadziwa ndisanatsitse galasi. Che Saidi anali atagonekedwa ndi chifuwa sabata imeneyo, ndipo ine ndinkati ndikamuona Loweruka.

"Alamu," anatero Mayi a Fatuma, "mnzanu watisiya m'mawa. Mapepala tatenga. Manda akumba kale, a shehe akudikira. Lole akuti ilibe dizilo."

Asilamu sagoneka maliro. Dzuwa likalowa munthu asanaikidwe, banja limakhala ndi manyazi amene satha. Sekuru Mhlanga anali atayesa agalimoto a pa siteji, onse anakana msewu wa ku esiteti chifukwa cha matope. Sanandipemphe. Anangoyang'ana galimotoyo, n'kuyang'ana ine. Ine ndinayang'ana malata a amayi anu akuuluka limodzi limodzi. Kenako ndinatsika, ndinagwedeza phazi pansi pa bampala, chitseko cha kumbuyo n'kutseguka chokha.

"Maiwe!" anatero Sekuru Mhlanga, akubwerera m'mbuyo.

Ndinadina batani, mipando ya kumbuyo n'kugona yokha. Tinamulowetsa Che Saidi atakulungidwa m'bulangeti, ndipo anakwana bwinobwino, ngati mainjiniya aja anachita kumuyeza. Nzeru yanga inali yakuti ndidzere msewu wa kuseri, wa m'mabulugamu, wofika ku komboni osadutsa pa fakitale pamene pali ofesi ya abwana. Ndikanatsitsa mnzanga, kupukuta matope, palibe akanadziwa kupatula komboni yonse, ndipo komboni imadziwa kusunga pakamwa pa nkhani za maliro.

Pa mlatho woyamba Sekuru Mhlanga anati ndiime. Ndinaponda buleki. Asanatsegule pakamwa, injini inazima. Zii. Kunangomveka mvula pa denga la galasi.

Ana anga, ndayendetsa galimoto moyo wanga wonse. Ndikudziwa kuzima kwa mapulagi, kwa dizilo wakuda, kwa batire. Iyi inali yatsopano, yochokera ku sevisi tsiku lomwelo, thanki yodzaza, magetsi onse akuyaka. 

"Wakana," ananong'ona Sekuru Mhlanga. Anatembenukira kumbuyo, n'kuomba m'manja mwaulemu. "Mukwasha, mlamu wanga, ndi ife. Tikupita nanu kwanu. Ngati ndi njinga yanu ija, ndibweza mawa, ndi pampu yomwe."

Ine ndinati nditsike ndikaone ku injini, ngakhale sindinkadziwa potsegulira. Nditangochotsa phazi, injini inalira. Sekuru Mhlanga anagwira mutu. "Inali njinga," anatero. Ine ndinayendetsa osayang'ana pa galasi loonera kumbuyo.

Pa mlatho wachiwiri zinachitikanso. Sekuru Mhlanga analonjeza mbuzi, anapepesa za mawu ena amene analankhula pa ukwati wa Fatuma, mwana wa malemuyo, ndipo anayamba kufotokoza nkhani ya malire a munda imene ine sindinafune kuimva. Koma ulendo uno ndinaona kanthu. Pa galasi la kutsogolo panayaka kachilembo kobiriwira kozunguliridwa ndi muvi. Ndinakumbukira tayi yofiira ija, ndi makaniko wa ku Mutare ndi mawu ake osunga mafuta. Ndinakweza phazi pang'ono: injini inalira. Ndinapondanso: patapita kamphindi, zii. Galimotoyo inapangidwa kuti izizima yokha ikaima, n'kudzuka ukasiya buleki. Che Saidi analibe mlandu. Linali phazi langa.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwamasule anthu, koma Mayi a Fatuma anandiyambirira. Dzanja lawo linali pa bulangeti ulendo wonse.

"Achimwene, siyani za mbuzi. Mwamuna wanga sanali wa mbuzi. Usiku uja anandiuza kuti akachira akufuna akaone munda wa kumtunda, tiyi amene anadzala yekha, ndi anthu ake a pa sikelo. Sanatsanzike. Alamu, mukutidzeretsa kuti?"

"Ku mabulugamu, alamu. N'kwafupi."

"N'chifukwa chake akukana. Munthu wagwira ntchito moyo wake wonse, mukamulowetse m'komboni chakuseri ngati mbava?"

Mphambano inali patsogolo pathu. Kumanzere mabulugamu, penshoni, malata. Kumanja munda wa kumtunda, sikelo, fakitale, ndi zenera la Bwana Nyamande. Ndinali ndi sayansi yonse m'kamwa. Ndikanati, alamu, onani kachilembo aka, ndi nzeru za azungu, ndikanakhala wolondola, ndipo mayiyo akanakhala chete chifukwa galimoto sinali yake. Koma zimene ananenazo sizinachoke pa kachilembo. Ndinakumbukira munthu uja akukankha galimoto ku Mandeya, ine ndili pa chiwongolero ngati mfumu. Ndinatseka pakamwa, n'kukhotera kumanja.

Tinadutsa m'munda wa kumtunda pang'onopang'ono. Othyola tiyi anaimirira m'mizere, madengu kumsana, kudabwa kuona galimoto ya abwana m'matope awo. Mayi a Fatuma anatsitsa galasi n'kunena mawu awiri kwa mayi wina, ndipo uthenga unathamanga kutiposa. Pofika pa sikelo, pafupi ndi geti la fakitale, panali khamu. Ndinaima. Injini inazima. Sekuru Mhlanga anatulutsa mutu n'kulengeza kwa onse kuti aka n'kachitatu.

Ndinaona chitseko cha ofesi chikutseguka. Bwana Nyamande anatuluka, foni kukhutu, akuyenda mwa munthu amene wapeza kale mawu oyamba. Ndinaganiza kuti ngati ndikufa, ndife nditaimirira. Ndinaika giya poimika, n'kutsegula chitseko. Apo galimoto inachita chimene inapangidwira kuti mabwana onenepa azitsika bwino: inatulutsa mpweya, fuuu, n'kutsika pansi pang'onopang'ono, kutsogolo kenako kumbuyo.

"Yagwada!" anakuwa mayi wina. "Mota yagwadira kapitawo!"

Zipewa zonse zinatsika. Amayi anayamba kulira, Asilamu kunena mawu awo a pa imfa, a mpingo wathu kuyambitsa nyimbo. Bwana Nyamande anafika pakati pa zimenezi, anasuzumira pa galasi, anaona bulangeti. Anayang'ana khamu, anayang'ana galimoto yake ili chogwada. Anaika foni m'thumba. Chipewa analibe, ndiye anavula magalasi a m'maso.

"Lolemba, mudhara," anatero motsitsa. "Ku ofesi."

Panatsala mlatho umodzi pakati pa fakitale ndi komboni. Ndinaima, ndinaponda buleki mwamphamvu monga kale, Sekuru Mhlanga n'kunena kuti tikuwoloka. Injini sinazime. Ndinapondanso. Inangolira bwinobwino. "Mwaona?" anatero Mayi a Fatuma. "Watsanzika." Makaniko wa ku Mutare anadzandiuza pambuyo pake kuti batire likatopa kapena magalasi akachita nthunzi, kompyuta imaleka kuzimitsa injini. Ine ndi wa ku koleji, ndimakhulupirira batire. Koma pa mlatho uja malaya anga ananyowa, ndipo sinali mvula. Che Saidi anasambitsidwa, anavekedwa sanda, ndipo analowa m'manda dzuwa likadali pamwamba pa mitengo.

Lolemba lake

Amayi anu sanandilankhule Loweruka ndi Lamlungu. Anangoyamba kumanga ziwiya m'makatoni. Lolemba ndinavala jekete ya ukwati n'kupita ku ofesi. Galimoto inali panja pamene ndinaisiya, palibe anaisuntha.

"Mudhara, lamulo langa munalimva?"

"Ndinalimva, shefu."

"Ndinati munthu wa ku komboni ayi."

"Munatero, shefu."

Anazunguza foni pa tebulo. Zimene sindinkadziwa n'zakuti Loweruka anaitana dalaivala wachiwiri kuti awapititse ku ukwati ku Mutare, iye n'kuyankha kuti bola amuchotse ntchito. Wa lole anati laisensi yake ndi ya malole okha. Wa thirakitala anadwala mutu mwadzidzidzi. Akazi a abwana anati iwo ndi ana awo sakwera galimoto yogwadira akufa, ndipo anapita ku ukwatiwo pa galimoto yakale ya bodi. Abwana eni ake laisensi anali nayo, koma Lamlungu ku tchalitchi anapita wapansi, akuti dokotala anawauza kuti aziyenda. Pa esiteti yonse munthu wosaopa galimoto imeneyo ndinali ine ndekha, ndipo chifukwa chake ndinachisunga m'thumba limodzi ndi kiyi uja.

"Zamizimu ine sindikhulupirira," anatero Bwana Nyamande. "Ndinaphunzira kunja."

"N'zoona, shefu. Inenso ndinapitako ku koleji."

Anadzuka, anatseka chitseko, n'kubwerera pafupi nane.

"Yatsukidwa?"

"Ndi sopo, shefu, mkati ndi kunja."

"Mudhara, sindikunena za sopo."

Ndinamuuza kuti akuluakulu amawaza madzi a mchere, matayala onse anayi ndi mkati, wonyamula malirowo ndiye wowaza. Anati zimenezo iye sakuzidziwa ndipo sakufuna kuziona, koma mawa m'mawa ali ndi msonkhano ku Mutare, ndipo galimoto ikhale yokonzeka. Za ntchito, za nyumba, za penshoni sanatchule, tsikulo kapena lina lililonse.

Ndinayendetsa galimoto imeneyo mpaka tsiku langa lopuma. Batani lozimitsira nzeru ija ndinalipeza, lili pafupi ndi giya, koma ndikanyamula abwana sindinkalidina. Injini ikazima pa maloboti a ku Mutare, ndinkawaona pa galasi akuyang'ana kumbuyo mwakachetechete. Mayi a Fatuma sindinawauze chilichonse mpaka lero, ndipo inu mukawerenga izi musakawauze. Sekuru Mhlanga anabweza njinga, ndi pampu yomwe. Malata amene akukutetezani ku mvula mukabwera kudzationa ndi omwe aja ndinawaona akuuluka pa geti la chipatala.

Mchere ndinagula pa shopu ya m'komboni, paketi yaikulu, dola imodzi. Kampani sinandibwezere.